Magetsi Akabwera Usiku

Magetsi abwera thuu koloko usiku.
Filiji yatsokomola, babu la m'khitchini laphethira,
ine ndadzambatuka ngati woitanidwa dzina.
Kuno ku Chawama sitifunsa kuti akhala mpaka liti,
mlendo wotere umamulandira uli chiimire.

Mbatata ndinasenda madzulo, foni nditailuma ngati tochi,
zisanu ndi ziwiri, za ku Soweto, dothi lofiira likadali m'maso mwake.
Mayi wogulitsa anaponyapo kena kopindika,
nati, "Mbasela iyo, bambo, mwaondatu."
Ndinazidula zitalizitali ngati zala za Zelipa,
zagona m'beseni la madzi kuti zisanze utoto wake woyera.

Tsopano ndizipukuta ndi kansalu, osasiya dontho.
Yonyowa siikhwima,
imangolefuka ngati munthu wangongole pakutha pa mwezi.
Masupuni awiri a saladi. Awiri basi.
Dzanja likufuna kupendeketsanso botolo, ndalikaniza.

Ine ndemwe amene zaka khumi ndi chimodzi
ndinaima pa Intasite, chiwaya chili gadugadu,
malita asanu kukhuthula osaphethira,
anyamata akukuwa Chipata, Kitwe, Lundazi,
apaulendo akundiponyera makobiri pawindo basi ikuyenda kale.
Mikono yangayi inalembedwa ndi mafuta otentha.
Kachipsera aka ndi ka tsiku limene Zelipa anabadwa,
ndinamva uthenga chipande chili m'manja.

Sisita Nalishebo ku kiliniki anandimanga lamba pamkono,
anapopa, anayang'ana nambala, anayang'ana ine.
"A Daka, mtima wanu ukusambira m'chiwaya.
Mwanayo akadzavala gauni, adzamujambulitsa ndani?"
Sindinayankhe. Chiwaya ndinagulitsa Loweruka lomwelo.

Mchere wotsina ndi zala ziwiri,
tsabola wofiira, adyo wophwanya ndi chigwiriro cha mpeni.
Ndivundula ndi manja mpaka iliyonse itanyezimira pang'ono
ngati mwana wodzozedwa popita ku tchalitchi.
Pa thireyi ndiziyala motalikirana,
izi si anthu a m'minibasi ya ku Kulima Tawa,
zikapanikizana zimatuluka thukuta, sizipsa bwino.

Uvuni watentha. Ndalowetsa. Ndatseka.

Chiwaya chinkalankhula, chinkandiuza chokha kuti zapsa.
Uvuni ndi duu.
Ndakhala pa chigubu, maso pa kagalasi kachikasu,
khutu lili kwa babu, ngati babu limanena potsanzika.
Kuseri kwa mpanda a Mulenga ayatsa makina owotcherera,
nyenyezi za buluu zikudumpha pa malata.
Wina akusita mayunifolomu a sabata yonse,
wina wayatsa wailesi kuti angomva kuti ikadali moyo.
Komboni yonse ili maso, mwakachetechete,
aliyense akuthamanga ndi nkhuni zosaoneka.

Mphindi makumi awiri. Ndatsegula, nthunzi yandimenya kumaso.
Nditembenuza imodzi imodzi ndi foloko,
mimba zake zafiira, misana ikadali yotuwa.
Bwererani, khumi ndi zisanu zina.
ZESCO, ndagwira mwendo, usaphethire.

Fungo lakadzutsa Zelipa.
Wabwera atafunda chitenje kumutu,
tsaya lili ndi mzere wa buku la samu lomwe anagonera.
Watola imodzi, waiponya dzanja ili ndi ilo, wauzira,
yalira khwa pa mano.
"Sizili ngati za ku Intasite," watero.
"Ayi, sizili."
Watola ina. Watola ziwiri. Wakoka mpando.

Ndipo phii, mdima.
Makina a a Mulenga afa pakati pa mawu,
wina kutali watukwana, galu wamuvomera.
Ife tikudya mopapasa, zala zikugundana m'mbale,
uvuni ukulira the, the, the, pozizira.

Pakona pa thireyi ndapeza kopindika kaja,
kambasela, kapserera mbali imodzi.
Nkowawa pang'ono.
Ndakatafuna pang'onopang'ono,
ndikumvera mtima wanga ukuyenda wapansi.